Tinayanika Chithunzi Padzuwa ku Edmonton

Loweruka lapitali dzuwa linawala mu London muno. Inu amene mukuwerenga muli kumudzi mukhoza kuseka kuti munthu wamkulu akulemba za dzuwa ngati ndi nkhani. Ife a kuno tikudziwa kuti ndi nkhani ndithu.

Foni yanga inalira ndisanamalize tiyi wam'mawa. Anali Mayi Nachisale a ku Edmonton, mayi wachikulire wa mumpingo mwathu. Iwo anabwera kuno ali mtsikana, pamodzi ndi amuna awo, m'zaka zija anthu ankathawa kwathu chifukwa cha ndale. Bambowo anamwalira, ana anakula n'kubalalika, ndipo mayi amakhala okha m'nyumba yosanja yokhala ndi kabwalo kakang'ono kuseri.

"A Mbewe, mwaliona?"

"Chiyani, mayi?"

"Dzuwa! Mukukhala m'dzenje kodi? Bwerani mudzanditsitsire matiresi. Mawa likhala litapita."

Sindinafunsenso. Mmalawi aliyense akudziwa chimene chimachitika dzuwa likatuluka pambuyo pa miyezi ya mvula ndi chisanu. Eni dziko amavula malaya n'kukadziyanika okha pakapinga. Ife timayanika katundu. Ndinakwera sitima ku Barking, kenako basi, ndipo ndinafika ntchito itayamba kale.

Kabwalo konse kanali katasanduka msika wa kaunjika. Mabulangete pampanda. Nsapato pamasitepe. Masutikesi atayasama, mapilo, makatani, majekete a malemu, ngakhale mabuku a nyimbo atayalidwa pampando. Wothandiza anali Amai Zulu, mnansi wawo wa ku Zambia amene amagwira ntchito pachipatala chachikulu cha m'deralo.

"Ba Mbewe, mwabwela manje? Ise tasiliza vonse. Imwe mwabwela kudya chabe."

"Ndamva kuti matiresi akudikira mwamuna."

"Ndiye tiyembekeze abwele mwamunayo, imwe nkalani pansi."

Tinatsitsa matiresi pamasitepe opapatiza aja, ine kutsogolo, Amai Zulu kumbuyo akundilamula ngati kondakitala wa minibasi.

Nyumba za kuno zimasunga chinyezi. Nyengo yozizira ikatha mumapeza nkhungu yakuda kuseri kwa kabati ya zovala, m'makona a mawindo, m'nsapato zimene simunavale. Fungo lake limalowa mpaka m'malaya a Lamulungu. Mankhwala ake ife tinabwera nawo kuchokera kwathu: tulutsa, yanika.

Tili pakati pa ntchitoyo, Mayi Nachisale anatuluka atanyamula chithunzi chimene chimakhala pakhoma la pabalaza pawo, moyang'anana ndi windo lalikulu. Anati aona timadontho tofiirira papepala, mkati mwa galasi. Anapukuta galasilo ndi kansalu konyowa, n'kuchitsamiritsa kumpanda, pamalo pamene dzuwa linkamenya kwambiri, pakati pa nsapato za kutchalitchi ndi pilo.

"Chiwothere nachonso," anatero. "Kuti nkhunguyo ife."

Ine ndinaona kuti achita bwino. Amai Zulu anachitembenuza pang'ono kuti chiyang'anizane ndi dzuwa bwinobwino.

Ndichifotokoze chithunzichi, chifukwa ndakhalapo pansi pake nthawi zambiri pamapemphero a m'nyumba, koma ndinali ndisanachiyang'ane mofatsa. Si cha kamera. Ndi cha pamanja, cha utoto wosungunula ndi madzi, umene amapaka ndi kaburashi mopyapyala moti pepala limaonekera pansi pake. Kukula kwake sikuposa thireyi ya tiyi. Chikuonetsa mayi ataima pakhomo la nyumba yamiyala, akupereka mbale kwa mwamuna wapaulendo amene wakoleka phukusi pandodo. Kumbuyo kuli phiri, ndi thambo lotuwa ngati phulusa. M'munsi muli mizere iwiri ya ndakatulo ya Chingerezi chakale, yolembedwa ndi inki imene inasanduka yofiirira, ndiponso chaka cha m'ma 1800. Dzina la wojambula palibe.

Chinakhala pamenepo m'mawa wonse, ife tikugwedeza makapeti ndi kumwa tiyi.

Masana kunabwera Tiyamike, mwana wawo woyamba, amene amakhala ku Wembley. Iye anabadwira kuno, ndipo tsopano naye imvi zayamba. Chichewa amamva chonse, koma poyankha amasakaniza ndi Chingerezi. Analowa ndi majumbo a zogula, natipatsa moni mwaulemu. Kenako maso ake anafika kumpanda.

Majumbo anagwa pansi.

"Mum! No, no, no!"

Anathamanga ngati waona mwana pakati pa msewu. Anachinyamula chithunzicho n'kuchifungatira, kumaso kwa chithunzicho kuli pachifuwa chake, mpaka m'nyumba. Tinamutsatira. Atachigoneka pathebulo tinaona kuti galasi lachita thukuta mkati: timadontho ta madzi, tina titayamba kale kutsetsereka.

Analankhula mothamanga, m'Chingerezi, ndipo ine ndingonena mfundo zake. Anati utoto wamadzi suyanjana ndi dzuwa. Kuwala kumaudya, ndipo ukapita wapita. Anati kutentha kwatulutsa chinyezi m'pepala, ndipo madziwo akangokhudza utoto, uyenderera. Anati nkhani ya chithunzichi ndi windo anawauza kale amayi ake, koma samva. Pomaliza anati:

"Basi, Mum. Ndikutenga. Chipita kwanga. Ndikachiika m'bokosi, mumdima, finish."

Mayi Nachisale sanakweze mawu. Anakhala pampando, manja pamaondo.

"A Mbewe, mwanayu anayamba ndi makiyi a galimoto, akuti maso anga. Sindinakane. Kenako anatenga kamakwerero ka kukhitchini, akuti ndigwa. Sindinakane. Lero wafika pachithunzi changa."

"Sindikulanda, Mum. I'm saving it."

"Ukuchipulumutsa kwa ndani?"

Amai Zulu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ketulo ikuwafuna kukhitchini.

Apa ndi pamene ndinamva mbiri ya chithunzicho. Atangofika kuno, mayi ndi amuna awo anayenda khomo ndi khomo kufuna chipinda cha lendi. Akaimba foni, chipinda chinkakhala chilipo. Akafika, eni nyumba n'kuona nkhope, chinkakhala chitangotengedwa kumene. Amene anawatsegulira anali mayi wina wamasiye wachizungu, wosalankhulalankhula, amene anawakhazika kukhitchini n'kuwapatsa supu wotentha asanafunse n'komwe kuti achokera kuti. Anakhala naye zaka zingapo. Tiyamike anaphunzira kuyenda akugwira miyendo ya thebulo la mayiyo. Tsiku losamuka, mayi uja anachotsa chithunzichi pakhoma lake, nati chinali cha agogo ake, ndipo iye alibe mwana wochisiyira.

"Ndikatsika m'mawa ndimayamba ndachiona," anatero Mayi Nachisale. "Ndimati, ife tinali uyu wa phukusiyu. Ndiye ukakachitsekera ku Wembley, ine ndizikwera basi kukapempha chilolezo?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndi vuto la kukhala mkulu wa mpingo: umabwera kudzanyamula matiresi, n'kupezeka wakhazikidwa pampando woweruza. Ndinangoti tonsefe tikukangana za chinthu chimene sitinachitsegulepo. Tipite nacho kwa odziwa kukonza zithunzi zakale, ndipo mpaka tsikulo chigone m'nyumba momwemo, pamthunzi. Anavomera, aliyense akuyang'ana kwake.

Pobwerera m'basi ndinkaganiza za dzuwa.

Kwathu dzuwa ndi sing'anga wa aliyense. Mphale ikachoka m'madzi imapita padzuwa. Ufa ukachoka kuchigayo, pamkeka. Chimanga chikalowa anankafumbwe, padzuwa. Mphasa ikachita nsikidzi, padzuwa. Mbale zimauma pathandala, mfutso umauma padenga. Wodwala akayamba kupeza bwino, chizindikiro choyamba n'chakuti wapempha kuti amutulutse akawothere. Tinaleredwa kuti chinthu chikakhala mumdima chimaola, chikatuluka poyera chimachira.

Kodi Mayi Nachisale analakwa kuganiza kuti pepala la nkhungu likufuna mankhwala omwewo? Anachita chimene amayi awo akanachita. Mwa katundu yense uja, chithunzicho ndicho anachipatsa malo abwino koposa, chifukwa ndicho amachikonda koposa.

Koma nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti ngakhale kwathu si zonse zimene timapereka kwa dzuwa. Mlimi wa fodya amamanga chigafa kuti masamba aumire pamthunzi. Mayi wosamala akachapa chitenje chatsopano amachiyanika pansi pa mtengo, kapena chotembenuza, kuopa kuti chisuluka. Nzeru imeneyi tili nayo ndithu. Chimene tonse atatu sitinaganize pabwalo paja n'chakuti chithunzi ndi m'bale wa chitenje, osati wa matiresi.

Lowani m'nyumba ya Mmalawi aliyense kuno, kaya ku Barking, kaya ku Edmonton. Yang'anani khoma loyang'anana ndi windo. Pamenepo ndi pamene pali chithunzi chaukwati, cha mwana atavala mkanjo womalizira maphunziro, cha agogo atakhala pampando kutsogolo kwa nyumba ya malata. Timasankha khoma lowala kwambiri kuti mlendo akangolowa aone.

Tsopano yandikirani.

Suti ya mkwati inali yakuda. Lero yayamba kubiriwira. Nkhope ya agogo ikusungunuka, atsala maso ndi duku. Zimapita pang'onopang'ono moti mwini nyumba sazindikira, chifukwa iye amaona ndi chikumbumtima, osati ndi maso. Mdzukulu amene sanawaonepo agogowo ndiye amaona chimene chilipodi: kachifunga kovala duku. Ndipo zambiri mwa zithunzi zimenezi n'chimodzi chokha padziko lonse. Amene anathawa kwathu usiku sananyamule zambiri.

Nditafika kwanga ndinaima pabalaza n'kuyang'ana chithunzi chathu chaukwati. Akazi anga anandipeza ndili chiimire.

"Mukufuna chiyani pamenepo?"

"Maluwa amene munanyamulawa anali amtundu wanji?"

"Ofiira. Bwanji?"

"Taonani."

Anayang'ana, anayang'ananso, nati: "Musachichotse. Ingotsekani katani masana."

Ndinatseka.

Ana athu obadwira kuno amadziwa zinthu za dziko lino kuposa ife. Zimenezo tivomereze. Amadziwa kuti utoto wamadzi umaopa kuwala, kuti mankhwala awa samwera pamodzi ndi awo, kuti munthu waulemu woimba foni kufunsa za kubanki uja ndi wakuba. Tiyamike sananame ngakhale liwu limodzi. Vuto n'lakuti kudziwa kwawo kumabwera dzanja litatambasuka kale. Akaona choopsa, yankho ndi kuchotsa. Chotsa makiyi. Chotsa makwerero. Chotsa kapeti, angakupunthwitseni. Chilichonse pachokha n'chanzeru, ndipo n'chachikondi. Koma mukaziphatikiza, kholo limatsala m'nyumba yotetezeka bwino imene mulibe chake.

Ifenso makolo tili ndi vuto lathu. Mwana akatiuza zoona, timamva mwano. Timati, ndinakusambitsa ndine, undiphunzitsa chiyani? Ndiye mwana amatopa kufotokoza n'kuyamba kungonyamula. Anayamba ndani? Ine sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti m'nyumba zambiri za kuno muli nkhondo yachete ya mtundu umenewu, ndipo kawirikawiri imathera m'buti ya galimoto ya mwana.

Pakati pa sabata tinapita atatu kwa wokonza zithunzi, ine nditanyamula chithunzicho chitakulungidwa m'thaulo. M'basi Tiyamike anauza amayi ake kuti ndakatulo ija anaifufuza n'kuiwerenga yonse. Mwina ankafuna kuti mtima wawo uchoke pachithunzicho. Anati ndi yaitali. Mwamuna wa phukusi uja ndi msilikali wochokera kunkhondo. Atamwa mkaka pakhomo paja anapitiriza ulendo, nakapeza kwawo kulibenso womudziwa, ndipo ndakatuloyo imatha iye atafera m'mbali mwa msewu, m'chisanu.

"So it's not even a happy story, Mum."

Basi inapitiriza kuyenda. Kenako mayi anafunsa:

"Wojambulayu anaiwerenga yonse ndakatuloyo?"

"Ayenera kuti anawerenga."

"Za kunkhondozo? Za kufera mumsewuzo?"

"Yes, Mum."

"Ndiye pazonsezo anasankha kujambula pati?"

Tiyamike anayang'ana pawindo.

"Pambale," anadziyankha okha. "Nanenso ndimaima pomwepo."

Ine si munthu wa ndakatulo, koma mawu amenewa ndinawamva. Ndakatulo imayenda, ili ndi malo okwanira kunena za dzulo, za lero ndi za mawa. Wojambula ali ndi pepala limodzi. Ayenera kuimitsa nkhani yonse pamalo amodzi, ndipo malo amene wasankhawo ndiwo mawu ake. Munthu wina wa m'zaka zimenezo anawerenga nkhani yachisoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nabwerera m'mbuyo kukafuna pamene panali chifundo, n'kuviika burashi yake pamenepo. Sanabise imfa ya msilikali. Aliyense akhoza kukaiwerenga. Anangosonyeza chimene iye anafuna kuti chitsale pakhoma.

Sitolo yake ndi yaing'ono, yonunkhira matabwa ndi guluu. Mwini wake, mzungu wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe, anachigoneka chithunzicho chafufumimba, nazula timisomali takumbuyo kamodzikamodzi. Anachotsa kathabwa, nachotsa galasi. Kenako anachitembenuza, n'kunyamula katoni yokhuthala imene imazungulira chithunzi m'mbali ngati mpendero wa nsalu.

Pansi pa katoniyo, kuzungulira pepala lonse, panali kamzere kopapatiza ngati chala, kamene kuwala sikanakafikepo chiyambire. Thambo limene tonse tinkalidziwa lotuwa, pakamzereko linali labuluu, buluu wakuya ngati wa kumwamba kwathu mvula ikangokata. Phiri linali lobiriwira. Nsonga ya siketi ya mayi wa pakhomo, imene inalowa pansi pa katoni, inali yofiira ngati phwetekere wakupsa.

Mayi Nachisale anavala magalasi, nawerama. Chala chawo chinayenda pamwamba pa buluuyo osamukhudza.

"Kani," anatero chapansipansi. "Tsiku limene ankatipatsa, buluuyu analipobe. Sanali wotere, koma analipo. Ndinali nditaiwala."

Tiyamike anati iye chibadwire ankayesa kuti ndi chithunzi cha tsiku la mitambo.

Popanda galasi zinthu zinkaoneka zimene sindinazionepo. Timizere ta pensulo timene wojambula anayamba nato. Malo ena pamene madzi anachuluka, utoto n'kuuma ndi kamkombero ngati dontho la tiyi pansalu. Mkaka wa m'mbale unali woyera mbee, ndipo ndinafunsa kuti bwanji wokhawo sunasuluke. Bamboyo anati pamenepo palibe utoto. Pazithunzi zotere choyera chimakhala pepala lenilenilo, wojambula amangolilambalala ndi burashi.

Za matenda ake ananena mosazungulira. Loweruka limodzi silinachite zimenezi. Ndi zaka zambiri zoyang'anana ndi windo, kuyambira m'nyumba ya eni ake oyamba. Madzi a m'galasi aja sanafike pautoto, mwamwayi. Timadontho tofiirira tabwera ndi chinyezi ndi katoni yakale, ndipo akhoza kutiletsa kufalikira. Koma utoto umene unapita sungabwerere. Wojambulayo sakuoneka kuti anali wotchuka. Mwina anali munthu wojambula kunyumba kwake chifukwa chokonda, monga ambiri ankachitira nthawi imeneyo.

"So, bokosi," anatero Tiyamike.

Bamboyo anati m'bokosi chikhoza kukhalitsa koposa, zimenezo n'zoona. Anatinso pali galasi lina lochepetsa ukali wa kuwala, ndipo m'nyumba zina zosungiramo zinthu zakale zithunzi zotere amazipachika pakhoma lamthunzi, ndi kakatani patsogolo. Wofuna kuona amakokera pambali, akatha n'kutseka. Sanaweruze. Anangofunsa kuti akamaliza ntchito aimbire ndani adzatenge.

"Ine," anatero Tiyamike.

Mayi sanatsutse. Anavula magalasi n'kuwaika m'chikwama. Pobwerera ine ndinaona kuti nkhani yatha, chithunzi chapita ku Wembley.

Kamzere kaja kanandikhala m'mutu. Buluu anapulumuka pokhapo pamene diso la munthu silinafikepo. Pamene anthu anaona, pamene anasangalala, pamene anaimba nyimbo pansi pake, m'pamene anatha. Ndiye chabwino n'chiti? Chithunzi chathunthu chimene palibe akuchiona, kapena chotuwa chimene chapatsa moni mayi wamasiye m'mawa uliwonse?

Tisanamuseke Tiyamike ndi bokosi lake, tiyang'ane m'makabati mwathu. Muli mbale za alendo zimene sizinalawepo ndiwo, zikudikira mlendo amene sanabadwe. Muli nsalu zimene tinagula kuti tidzavale tsiku lalikulu, ndipo masiku aakulu akhala akudutsa ife tikuti silinafike. Ena masofa awo akadali m'pulasitiki, ana anakulira pansi. Bokosi timalidziwa nafenso. Timayanika zosayenera kuyanika, n'kutsekera zoyenera kugwiritsa ntchito, ndipo zonse ziwiri timazichita ndi mtima wabwino. Inu kwanu mwatsekera chiyani, ndipo mukusungira ndani?

Dzulo foni inaliranso. Anali Tiyamike.

"A Mbewe, sorry kukuvutitsani. Muli ndi drill?"

Nditaweruka kuntchito ndinapita ku Edmonton ndi chobowoleracho. Ndinapeza Tiyamike ataima pabalaza, atagwira kandodo kachitsulo kopachikira katani, kotalika ngati mkono. Amayi ake anali pathebulo akudula ulusi pakansalu kabuluu, kopendera kale mbali zonse. Buluu wake anali wofanana ndi wa pakamzere kaja, moti ayenera kuti anamufunafuna.

Amai Zulu anandikokera pambali.

"Banayamba kusoka pamene munabwelako chabe ku shopu. Ninabafunsa ati, nanga Tiya akakana? Bakuti, nizapukutila mbale."

Za khoma anakanganabe pang'ono. Tiyamike ankafuna pansi pa masitepe, pamene pali mdima ngati m'nkhokwe. Mayi anati chithunzi chawo si tsache. Anagwirizana pabalaza pomwepo, koma khoma la kuseri kwa chitseko, limene dzuwa silifikako. Tiyamike analigwira ndi chikhatho kuti amve ngati lili ndi chinyezi, nati lili bwino. Mayi anaima pamenepo kuti tiyese msinkhu wa maso awo, ndipo ndinabowola.

Chithunzicho sichinabwere, chikadali kwa wokonza. Choncho tinapachika kakatani pamwamba pa msomali wopanda kanthu. Amai Zulu anayandikira manja ali kumbuyo ngati mlendo wolemekezeka, nakokera kansaluko pambali, napukusa mutu.

"Ah, chabwino maningi. Sininaonepo msomali wa so."

Tinaseka tonse, ngakhale Tiyamike. Atatha kuseka anatseka kakataniko yekha, nakakonza kuti kagwe bwino.

"Koma Mum, masana chizikhala chotseka. Promise."

"Nanga ndikafuna kuchiona masana?"

"Mutsegula. Mukatha, mutseka."

"Osakuimbira foni?"

Tiyamike anapumira m'mwamba.

"Osandiimbira. Ndi chanu, Mum."

Mayi Nachisale anatembenukira kwa ine, ndili ndi fumbi la khoma m'malaya.

"A Mbewe, inu ndinu mkulu wa mpingo. Mwamva?"

Ndinamva, mayi. Ndipo tsopano amva ndi ena.